Nyanga ya Mayi Nachisale Pakhomo pa Gogo Esther

Pakamwa pangapa padzandiphetsa tsiku lina. Lamulungu lina posachedwapa, titaweruka kutchalitchi ku Springburn, kuno ku Glasgow, ndinangotchula pomwa tiyi kuti gogo amene ndimayang'anizana nawo khomo ku Shawlands ndi Myuda.

Mayi Nachisale, mtsogoleri wathu wa mapemphero a amayi, anaika kapu pansi. "Myuda? Weniweni? Wamoyo?"

Ndinati eya, wamoyo, amakweranso basi.

Pomwepo mpingo unagawikana. A Gondwe, mkulu wa mpingo, anati Ayuda ndi anthu a pangano, tiziwadalitsa n'kuwasiya, Mulungu akudziwa chochita nawo. Mayi Nachisale anati ayi, Yesu ndi wa aliyense, ndipo kumubisa kwa abale ake enieni ndi nkhanza. Awiri onsewa anali asanalankhulepo ndi Myuda chibadwire.

Ine mtima unali m'mwamba. Gogo Esther, Myuda ndimanenayo, ndi amene amakatenga mwana wanga kusukulu ndikakhala pa shifiti. Kuno ndilibe azakhali, ndilibe apongozi. M'bale wanga ndi gogowa basi, ndipo ndimawakonda.

Loweruka masana belu la pakhomo panga linalira. Mayi Nachisale, diresi loyera mbuu, m'chikwama muli Baibulo ndi nyanga ya nkhosa yogula pa intaneti, ija amailiza kutchalitchi mpaka makanda kulira. Ndinayesa kuwachedwetsa ndi tiyi. Anakana, ati akusala kudya, n'kulunjika kukagogoda pakhomo pa gogo.

Gogo atatsegula chitseko, mayi aja anagwada pamasitepe ozizira aja, monga timachitira kwathu pamaso pa akuluakulu. Gogo anadzidzimuka n'kuyamba kuyang'anayang'ana pansi. "Mwagwetsa chiyani, mwananga?"

Titalowa, funso loyamba linali lakuti ku Yerusalemu kuli bwanji.

"Ine ndinabadwira muno mu Glasgow," anatero gogo. "Kumeneko ndinapitako kamodzi, dzuwa linandisupula mphuno."

Mayi Nachisale anatulutsa nyanga ija, masaya ayamba kale kufufuma. Gogo anakweza dzanja. "Imeneyo ife timailiza kusunagoge pa chaka chatsopano, osati m'fulati. Apansiwa ali ndi galu wamanjenje."

Kenako ulaliki unayamba. Ndisaname, mayiwa analankhula kuchokera pansi pa mtima, misozi ili mbwembwembwe. Gogo anamvetsera mwaulemu mpaka pamapeto. Koma potsanzika, mlaliki uja anaweramitsa mutu n'kupempha kuti gogo amuike dzanja, ati poti ndi mdzukulu wa Abrahamu, mwina bondo lake lingachire.

Gogo anaseka mpaka kutsokomola. "Mwabwera kudzandiuza kuti ndasochera, komanso mukufuna dalitso langa? Sankhanipo chimodzi, amayi!" Anawadulira keke, ndipo kusala kudya kunathera pomwepo.

Ndi mmene tilili ifeyo, abale. Timagula mafuta olembedwa Israyeli, ana timawatcha mayina achiheberi oti agogo awo kumudzi amaluma nawo lilime. Koma Myuda amene ali m'mutu mwathu ndi wa ndevu ndi ngamila. Tikakumana ndi wovala jekete la mvula, wodandaula kuti basi yachedwa, timasokonezeka. Timulalikire? Timugwadire? Kumufunsa kuti wadzuka bwanji sitikuganizako n'komwe.

Musandimve molakwa. Inenso ndine wopemphera, ndipo chimene ndimakhulupirira sindichita nacho manyazi. Munthu akandifunsa, ndimamuuza. Komatu gogo sanafunse.

Mayi Nachisale atapita, ine ndikutolera makapu, gogo anandiitana. Kuseka kuja kunali kutatha.

"Mayi anga ankachita mantha Mkhristu akawakomera mtima," anatero. "Ankadziwa kuti pambuyo pake pabwera ulaliki. Ine ndinkawaseka. Tandiuza, matumba onse unkandinyamulira pamasitepe aja, unkandithandiza kapena unkandikonzekeretsa?"

Abale inu, zinandipweteka. Ndinalumbira kuti sizinali choncho, ndipo ndinkanena zoona. Iwo anangoti chabwino. Lolemba anakamutenga mwana monga mwa masiku onse. Koma madzulo anangomuperekeza pakhomo panga n'kubwerera, osakhala pansi.

Lamulungu likubwerali Mayi Nachisale akapereka umboni wakuti anafesa mbewu, ndipo tikawomba m'manja. Ine ndili ndi funso limodzi kwa tonsefe. Munthu atatiuziratu kuti sadzatembenuka mpaka imfa, matumba ake tidzamunyamulirabe?