Chala cha a Yoram pa mapu a malasha

A Yoram Msiska ankasamalira maluwa ku Noordhoek m'dziko la South Africa, panyumba ya mzungu wina dzina lake Julius. Ankagona ku Masiphumelele m'kachipinda kamalata, ndipo popita kuntchito ankapalasa njinga chozyolika, poti mapepala awo anatha kalekale. Akaona galimoto ya apolisi ankatsika n'kumapapasa tcheni ngati chavuka. Kwawo kunali ku Rumphi, kwa Kamphoni, m'mbali mwa kamtsinje ka magombe akuda bii. Mkazi wawo anagona kumeneko, pamanda a pachitunda, pafupi ndi apongozi ake.

Bwana Julius ntchito yake inali yoyeza malasha. Makampani asanakumbe mgodi ankamufunsa iyeyo ngati pansipo alipo ochuluka kapena ndi ongonyenga maso. Chaka chimene magetsi ankangozimazima chija, kampani ina ya ku Joni inagwirizana ndi ina ya ku Malawi kuti akumbire limodzi: awa abweretse makina, awo apeze malo.

Loweruka lina eni makampaniwo anabwera kudzaotcha nyama, a Yoram akuwakolezera moto. Nkhani inali ya malasha yokhayokha. A Yoram, munthu wosayankhulayankhula, mtima unawakoka, nanga anthuwo akutchula dziko lakwawo.

"Kwathu amenewo timangotola kumtsinje," anatero. "Timaotchera njerwa."

Onse anatembenuka. A Yoram analakalaka atawameza mawuwo.

Lolemba bwana anayala mapu pagalimoto n'kuwaitana. "Yoram, ndionetse. Pati penipeni?"

A Yoram ali mnyamata anaonapo mudzi ukusamutsidwa chifukwa cha mgodi, mafupa a anthu atapakidwa m'timabokosi pa lole ngati katundu wa kugolosale. Koma munthu wopanda mapepala sakanira bwana. Anaupeza mzere wa mtsinje, nautsata mpaka pafupi ndi kwawo. Kenako chala chinawoloka, chinakwera kumtunda, n'kukaima pamalo obiriwira pomwe panalibe dzina lililonse. Kutchire, anaganiza choncho. Bwana anazunguliza pensulo pomwepo.

Lamlungu potuluka m'tchalitchi anaulula kwa Layton, mmisiri womanga nyumba, wa kwawo komweko.

"Inu a Msiska!" Layton anaseka mpaka kugwira mpanda. "Pakamwa panu pamatseguka kamodzi pachaka, tsiku lomwelo n'kugulitsa dziko! Ndiye mwawalozera kuti?"

"Kutsidya, kumtunda. Kulibe anthu. Pamapu panali pobiriwira."

Kuseka kunatha. "Mapu a azungu amajambula nyumba zaudzu? Kumeneko si kwa Mzuku, komwe anakwatiwa mlongo wanu Viness?"

Kuyambira pamenepo foni inasanduka njoka m'thumba. Ikalira ndi nambala ya kumudzi, ankayamba ayiyang'ana mpaka itasiya, kenako n'kuimba okha. Ankadzitonthoza kuti anthu ophunzira sangatumize makina chifukwa cha chala cha wolima maluwa. Koma posesa pakhonde ankamva bwana pafoni akutchula matani, mamiliyoni, ndipo sankadziwa chopempherera. Malasha akachuluka kwa Mzuku, Viness asamuka. Akachepa, okumbawo atsika ndi mtsinje mpaka kwa Kamphoni.

Mvula itatha kumudzi, Viness anaimba masana, iwo akuthirira kapinga.

"Achimwene, kuno kwabwera anthu a zipewa zolimba. Akhoma zikhomo zofiira m'munda monse. China achikhoma pambali penipeni pa manda a mwana wanga Tayamika." Kenako anapitiriza. "Akuti tisaope, akungoyeza. Inu mumakhala ndi azungu, kuyeza n'kutani?"

Madzi ankangothira pamalo amodzi mpaka kuchita chithaphwi. Pawindo bwana ankaoneka atawerama pakompyuta, kapu ya khofi m'manja.

"Mlongo," anatero a Yoram motsitsa mawu, "uwauze alamu atute miyala. Manda onse awazungulize kuti azioneka, alembepo mayina ndi penti. Ngakhale a makanda. Asadikire mawa."

"Chifukwa chiyani? Mwamva chiyani, achimwene?"

"Ndati lero lomwe."

"Achimwene, anawauza ndani anthuwa kuti kuno kuli malasha?"

A Yoram anatsegula pakamwa. Chitseko cha kukhitchini chinatseguka, bwana akuwaitana dzina mokondwa, pepala lalikulu lili m'manja. A Yoram anadula foni, napukuta manja pa ovolosi, n'kuyamba kupita kwa bwanayo.