Zinki wa Mayi Bessière

Léontine Bessière anafika mumsewu wathu ku Paris kuchokera kumapiri a ku Aubrac, ali mtsikana wa manja ong'aluka chifukwa chokama ng'ombe m'chisanu. Anadzakwatiwa ndi Firmin, wakwawo komweko, amene ankasenza matumba a malasha kukwera nawo m'nyumba zosanja. Ine ndinkasoka zovala pakhomo loyang'anana ndi lawo, ndiye moyo wawo ndinauona wonse.

Anthu akwawoko akafuna kutukuka amatsegula kabala n'kumagulitsa malasha kuseri, vinyo kumaso. Koma vinyo sagulitsidwa popanda kauntala ya zinki. Firmin anaisakasaka chilimwe chonse mpaka anaipeza kwa wogula zitsulo zakutha, itazulidwa m'bala ina yomwe inapsa. Anabwera nayo pangolo ya malasha, mbali imodzi itakwinyika ndi moto.

"Chimenechi n'chimene mwathera nsapato?" anafunsa Léontine. "Galu amene sangadyerepo."

"Yambani mwakwecha, mayi, kunyozako pambuyo," anatero Firmin.

Léontine anakwecha ndi phulusa mpaka inawala. Koma zinki sasunga chinsinsi. Tambula ya vinyo imasiya mkombero, ndimu amasiya banga loyera, mpeni ukaphonya umasiya chipsera. Poyamba Léontine ankalimbana ndi banga lililonse mpaka zala kusupuka. Kenako anangoisiya ide yokha ngati mtambo wa mvula, ndipo ndi pamene anayamba kuikonda.

Nkhondo itabuka, Firmin anapita ku usilikali n'kugwidwa ndi Ajeremani. Léontine anatsala ndi mwana wawo Aimé. Posakhalitsa makauntala a m'dera lathu anayamba kuzulidwa kuti akasungunulidwe n'kupangira zida za Ajeremani. Masana ena Léontine anatseka mawindo, anadula ndi sowo mbali yopsa ija, n'kuikhomera patebulo la kukhitchini, pamwamba n'kuyalapo nsalu.

Ozulawo atafika, mkulu wawo, Mfalansa mnzathu, anayang'ana podulapo.

"Yafupika bwanji iyi, mayi?"

"Inapsa isanafike kuno. Kafunseni moto."

Mkuluyo anam'menya khofi mpaka dzino kuguluka, koma kukhitchini sanalowe. Pamalo pa kauntala panaikidwa matabwa, ndipo ngakhale zidakwa zinkati vinyo wa pathabwa sakoma.

Firmin anabwerako nkhondo itatha, ataonda ngati ndodo, akutsokomola magazi. M'bala sankalowamo. Ankakhala kukhitchini tsaya atagoneka pazinki paja, thupi likutentha.

"Pano pokha ndiye pozizira," ankatero. "Munachita bwino kuba, mayi."

"Ndinaba chiyani? Munthu amaba chake? Dzukani mumwe msuziwu."

Nyengo yozizira isanafike, Firmin anamwalira. Tinamusambitsira patebulo pomwepo, ine ndi Léontine, poti m'nyumbamo munalibe pena pomwe madzi sakanalowerera. Titachoka kumanda ndinam'peza akudulirapo anyezi.

"Léontine, pomwepo?"

"Ndidulire pati, Hortense? Tebulo ndi limodzi, mwana akufuna kudya."

Aimé atakula anakwatira Huguette, mtsikana wogulitsa m'sitolo yaikulu ya zovala, ndipo anadzakhala momwemo. Huguette ankafuna matebulo atsopano aja apulasitiki, achikasu, opukuta kamodzi. Ankadandaula kuti zinki akum'detsera manja a bulauzi, ndipo atamva za maliro aja anasiya kudyerapo, n'kumadya choimirira pafupi ndi windo. Tsiku lina anatereka poto wotentha pakati penipeni. Chitsulo chinatukumuka, sichinabwererenso.

"Mwachita dala," anatero Léontine.

"Dala kapena ayi, amayi, ine ndatopa kuphikira pamanda."

Aimé anangoyang'ana pansi. Mwezi womwewo anasamuka ndi mkazi wake kupita ku nyumba zatsopano kunja kwa mzinda, ndipo ankabwera pa Khirisimasi pokha.

Anthu anasiya kugula malasha, okalamba omwera vinyo aja anatha mmodzimmodzi, bala inatsekedwa. Léontine anatsala m'khitchini muja. M'mawa uliwonse ankapaka zinki wakeyo phula, kuzungulira potukumuka paja, ngakhale panalibenso wodyerapo koma iye. M'mawa wina windo lake silinatseguke. Nditalowa ndinam'peza pansi, pakamwa patapotoka, mbali imodzi ya thupi itafa.

Aimé anam'pereka ku nyumba yosungira okalamba. Nthawi imeneyo n'kuti nyumba za mbali yawoyo zitalembedwa kale kuti zigumulidwe. Ndinam'pempha kuti atenge tebulolo.

"Ndikaliika pati, Mayi Hortense? Huguette sangalole n'komwe pakhonde."

Kwanga silikanakwana, kachipinda kanga kanadzaza ndi makina osokera. Ogumula atabwera ndinaona khoma la khitchini likugwera mkati, tebulo lili momwemo.

Léontine ndinkapita kukamuona Lamlungu. Ankadyera pathireyi ya pulasitiki, pabedi, m'chipinda cha amayi ambiri olira okhaokha. Mawu anali atam'thawa. Dzanja lamoyo lija linkangosisita bulangete. Za tebulo sanathe kufunsa, inenso sindinayambitse. Anakhala choncho zaka ziwiri.

Kale ankanena kuti akadzafa adzam'bwezere kumapiri kwawo. Aimé anati n'kutali. Anaikidwa kumanda aakulu a kunja kwa mzinda, tsiku lamvula, ndipo Huguette anadikirira m'galimoto.