Tsiku limene mwala wa malire unamira

Ntchito yanga yoyamba anandipezera a Saidi, mnzawo wa malemu bambo. Chinali chaka chimene nyanja ya Chiuta inaphwa, dambo n'kuyamba kupsa kunsi kwa nthaka. Motowo sunkaoneka. Utsi unkangotuluka pansi, ndipo amayi kunyumba ankatsokomola osaleka.

Akuluakulu a kuno ndi a ku Mozambiki anakumana kangapo, aliyense akuti utsi ukuchokera kwa mnzake. Anagwirizana chimodzi: aliyense akumbe ngalande kwawo, alekezere pa mwala wa malire.

A Saidi anali kapitawo wathu, ife okumba ngalande mbali ya kuno. Anandipatsa khasu, fosholo ndi ndodo yachitsulo. "Usanaponde, zika chitsulo, uzule, ukhudze nsonga," anatero. "Ikatentha, bwerera." Ngalande tinkakumba mpaka pa dongo lonyowa, poti moto wapansi sudutsa pamenepo.

Tsiku limene tinafika pamwalapo, masana kunali mdima. Dzuwa linali lofiira, mbalame zii. Mu utsimo tinkamva makasu akugunda, koma anthu osawaona. Ngalande ya anzathu a ku Mozambiki inathera chapatali, pakati n'kutsala malo osakumba, amene aliyense ankati ndi a mbali ya mnzake. Ndinazika chitsulo patsinde pa mwalawo, nsonga n'kundiwotcha. Moto unali kudzera pampatapo, ndipo kumbuyo kwathu kunali mudzi wathu, nyumba zaudzu.

Mu utsi munatuluka bambo wina, kumaso kuli mbuu ndi phulusa. Anali mlamu wawo wa a Saidi, wa kutsidya.

"Alamu, mwaima?" anafunsa.

"Lamulo, alamu. Bwerani ndinu."

"Iyayi. Ine kundende ndilibeko abale."

Palibe anaseka. Tinangoima, makasu m'manja, kutentha kukulowa m'nsapato. Kenaka mwalawo unapendekeka wokha. Unalowa pansi pang'onopang'ono, popanda phokoso, pamalopo n'kutsala dzenje lofuka.

A Saidi anayang'ana dzenjelo nthawi yaitali. "Ine malire sindikuwaona," anatero, n'kugwetsa khasu. Alamu awo anaitana anzawo m'Chiyao. Tinakumba mpaka ngalande ziwirizo zinakumana, ndipo moto sunafike kumudzi.

Akuluakulu aja anakumananso, kufunsana amene anazula mwala. Ife sanatifunse.

Chimene ndinasunga n'chochepa. Pansi pakhoza kuoneka pabwino pali moto, ndipo anthu akhoza kugwirizana n'kusiya mpata pakati. Mpaka lero, ndikamayenda m'dambo louma, ndodo imatsogola.