Funso Lachisanu ndi Chiwiri pa Fomu ya Mayi Wezi

Mundikhululukire, owerenga, kuti ndayerekeza kulemba. Sindine mlembi, ndipo Chichewa changa ndi cha ku komboni ya Mtapa, kuno kudziko la Ashona, chosakanikirana ndi Chishona. Koma za Mayi Wezi Mhango palibenso wina angazilembe, poti amene ankawadziwa bwino anachoka m'dziko muno.

Mayi Wezi anabadwira m'komboni ya mgodi ku Shurugwi, bambo awo anali ochokera ku Rumphi. Anaphunzira za matenda a maganizo, kuchiza kwa kumvetsera ndi kukambirana, osati kwa mapiritsi. Pofika chaka chatha cha 2008, anzawo apantchito anali atapita kunja, amuna awo ali ku Botswana, makalata atasiya kubwera. Iwo anatsala m'kaofesi kena ku Redcliff, pafupi ndi fakitale yazitsulo yomwe inaleka kufuka utsi, akufufuza funso limodzi: kodi mayi wosweka mtima angathe kudziteteza ku HIV? Masana ankatafuna chimanga chokazinga okhaokha, maso ali pa mafomu.

Ine, Esteri, ndinali wofunsa mafunso. Fomu inali ya Chishona. Funso lachisanu ndi chiwiri linkati: "Munogona here kutaura nemurume wenyu nezvekondomu?" ndiye kuti, kodi mumatha kukambirana ndi amuna anu za kondomu. Pa Chishona, kugona ndi kutha kuchita chinthu. Oyankha kuti ayi ankaitanidwa kukaonana ndi Mayi Wezi. Oyankha kuti inde tinkawasiya.

Tsiku lina kunabwera Asiatu, mayi wa ku Mangochi amene anali asanathe chaka kuno. Mwamuna wake anali atangobwera kokumba golide, akutsokomola. Nditawerenga funsolo, Asiatu anatolapo mawu akuti kugona ndi akuti mwamuna basi. Anazyolika.

"Eee, ndimagona nawo. Nanga ndingakane bwanji, achemwali?"

Ndinamva bwinobwino. Koma pambali panga panali anzanga awiri Achishona, osadziwa kuti kunyumba timayankhula Chichewa. Kusukulu ankatinyoza kuti mabhurandaya, anthu a ku Blantyre, ndipo dzinalo ndinatopa nalo. Ndinachonga pa inde. Sikanali koyamba, ndivomere.

Patapita masabata atatu, Mayi Wezi anandiitana. Patebulo panali mafomu asanu ndi anayi.

"Esteri, mwana wanga, amayi a ku Malawi onsewa ndi olimba chonchi? Onse akugona?" Anaseka pang'ono, kuseka kosafika m'maso. Kanali koyamba kundiyankhula m'Chichewa. "Ndiwe Nambewe iwe, ndinaona pachitupa. Usandiyankhe m'Chishona."

Kenako anatola mafomuwo, nati:

"Tiye tikawafunefune."

"Mutu ukundiwawa, amayi," ndinanama.

Anapita okha. Mafuta a galimoto kunalibe, makombi, maminibasi a kuno, osayenda, choncho anayenda wapansi mpaka ku Torwood, komboni ya antchito a kufakitale, mafomu ali m'jumbo. M'masiku anayi anapeza amayi asanu ndi atatu, nawafunsanso m'Chichewa. Asanu ndi mmodzi analira funso lisanathe. Kwa Asiatu anapeza loko pachitseko. Oyandikana nawo anati mwamuna wake anamutenga kupita kumaenje a golide cha ku Shurugwi, koma maenje ake ati, palibe ankadziwa.

Sanandichotse ntchito, sanandinenerenso kwa aliyense. Anangolemba fomu yatsopano m'zinenero ziwiri, n'kundipatsa basi. Mwina akanandikalipira zikanandipepukira.

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse amakwera lole yopita ku Shurugwi. Amazungulira m'misasa ya okumba golide, mayi wa imvi pakati pa amuna afumbi, akufunsa za Asiatu wa ku Mangochi. Lolemba amabwera nsapato zili psuu ndi dothi, n'kukhala pampando wawo. Palibe amawafunsa kuti mwayenda bwanji.

Dzulo m'pamene ndinazindikira chinthu chimene chinayenera kundifikira kalekale: Mayi Wezi akufunafuna munthu amene sanamuonepo. Nkhope ya Asiatu ndikuidziwa ndine, ndi kachipsera kake ka pachibwano. Loweruka lino ndikwera nawo loleyo, ndipo tikafika kumaenjeko ndizikafunsa ndine, m'Chichewa, mokweza mawu.