Gezina Vosloo ndi Madontho a Dokotala Wexley

Ku Kareedam kunalibe munthu amene sanadutsepo m'manja mwa Gezina Vosloo. Amene akuyenda lerowa ndi iye anawadula mchombo, amene agona kuseri kwa tchalitchi ndi iye anawasambitsa. Ine Aletta ndinakhala naye moyandikana zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, mpanda wathu umodzi, ndiye zimene ndikunenazi si za m'maluwa.

Sanali munthu wokoma pakamwa. Anali wamfupi, wa zikhatho zazikulu, ndipo akalowa m'nyumba ya wodwala sankataya nthawi ndi moni wautali. Ankayang'ana lilime, kununkhiza mpweya, kenako n'kunena zimene waona. Akati wodwala adzuka, mumakapha nkhosa. Akati sadzuka, mumatuma uthenga kwa kalipentala. Dokotala weniweni ankabwera kamodzi pa mwezi pa ngolo ya makalata, moti masiku ena onsewo mawu a Gezina ndiwo anali lamulo. Anthu ankamuopa, komabe ankamuitana chifukwa sananamizepo munthu.

Mwamuna wake Izak ankasoka zishalo ndi zingwe zachikopa za akavalo. Anali wofatsa, wopanda ndevu, wosachedwa kuseka. Kumayambiriro kwa nyengo yozizira ya 1878 anayamba kutsokomola, ndipo Gezina, amene chifuwa chimenecho anali atachimva m'nyumba zambiri, anachizindikira tsiku loyamba lomwe. Koma kwa mwamuna wake yekha pakamwa pake panalemera, sanamuuze.

Sitolo m'tauni mwathu inali imodzi, ya amalume a Stoffel Greyling, amene analinso mkulu wa mpingo. Katundu wawo yense ankapikula kwa kampani ya Hallam ndi Pryce ku doko la Baai: khofi, shuga, misomali, nsalu, onga, ndi mankhwala a m'mabotolo. Ngolo zinkatsika ndi ubweya wa nkhosa n'kubwerera ndi mabokosi. Kawiri pa chaka kunkabweranso munthu wa kampaniyo, Mngelezi wina dzina lake Ludlow, kudzaonetsa zatsopano. Chaka chimenecho anabwera ndi Madontho a Dokotala Wexley, akuda, otsekemera, onunkha ngati mowa wa burande, botolo limodzi mashileni awiri ndi theka. Pa pepala lake analemba kuti amachiza chifuwa, mtima, nyamakazi ndi chisoni chomwe.

Gezina anagula botolo limodzi, ndipo ndikuuzeni zoona, Izak anadzuka. Chifuwa chinangoti zii. Anayamba kugona tulo, masaya anafiira, anabwerera pa benchi yake n'kumasoka uku akuimba salimo. Ndinamuona ndi maso angawa. Sitinkadziwa kuti madonthowo amangogoneka chifuwa osachichotsa, ndipo Gezina, amene anayenera kudziwa, sanafune kudziwa.

Ludlow atabwereranso mwezi wa Juni, amalume a Stoffel anamuuza nkhaniyo, ndipo madzulo omwewo Mngeleziyo anali kale pa khonde la Gezina, chipewa m'manja.

"Azakhali, ndamva kuti kuno mawu anu ndi a golide," anatero. "Kampani ikungofuna kakalata kamodzi, konena zimene mwaona. Mukalumbira pamaso pa bambo Teubes, dazeni ya mabotolo ndi yanu, ulere."

"Ine ndilumbirire chiyani? Amene akufuna abwere adzamuone yekha, uyo ali apoyo."

"Anthu a kutali sangabwere, azakhali. Kapena mukufuna amuna a anzanu azifa pamene wanu wachira?"

Mawu amenewa ndiwo anamukola. Mmawa mwake anavala diresi la kutchalitchi n'kupita kwa bambo Teubes. Teubes sanali loya weniweni, ankangolembera anthu makalata, mapepala ogawira chuma cha masiye ndi ogulitsirana minda, ndipo anali ndi chidindo cholumbiritsira. Kalatayo anali atailemba kale. Inkati: "Mwamuna wanga anali pakamwa pa manda, koma lero ali bwinobwino ndipo akugwira ntchito ngati mnyamata." Gezina anaiwerenga kawiri, anapeza kuti palibe bodza, n'kusaina.

Izak anamwalira mu Seputembala, botolo lachisanu ndi chinayi lisanathe. Gezina anamusambitsa yekha, anandikaniza ngakhale kumugwirira beseni.

Mu Disembala kalendala inafika. Hallam ndi Pryce ankasindikiza kabuku chaka ndi chaka, kokhala ndi kachingwe kokolekera pa msomali, ndipo aliyense wogula khofi ankalandira kaulere. Munali masiku a mwezi, nthawi yometa nkhosa ndi masabata a Mgonero, choncho panalibe khitchini imene kanasowa. Pa tsamba lachisanu ndi chiwiri panali kalata ya Gezina, dzina lake ndi la tauni yathu m'zilembo zazikulu. Pamwamba anajambulapo chimunthu chandevu chitanyamula nkhosa paphewa, n'kulemba kuti ameneyo ndi Izak Vosloo.

Anthu a ku Kareedam ndimawadziwa, ndine mmodzi wa iwo. Munthu amene wakhala akukuuzani zoona zowawa zaka zambiri mumamusungira kanthu mumtima, ndipo tsiku lake linali litakwana. Gezina akamadutsa pa msika ankamufunsa, "Azakhali, amalume a Izak adzuka bwanji? Akunyamulabe nkhosa?" Mkazi wa kalipentala anafika pomuuza kuti, "Mukanatiuza kuti wachira, bokosi lija tikanasungira wina."

Pa Mgonero wa mu Januwale ngolo za kumafamu zinadzaza bwalo la tchalitchi monga mwa masiku onse. Mayi wina wochokera kuseri kwa mapiri anagogoda kwa Gezina, kalendala ili m'manja. Anati mwamuna wake akulavula magazi, ndipo wagulitsa nkhosa zisanu kuti agule madonthowo, koma akufuna ayambe waona munthu wochirayo. Gezina anavala chipewa, anamutsogolera kuseri kwa tchalitchi, n'kumulozera mtumbira. Atachoka pamenepo anakaima pa khomo la sitolo ya amalume a Stoffel, ndipo aliyense wotuluka ndi botolo ankamuuza kuti, "Kabwezeni. Mankhwala amenewo ndi bodza, mwamuna wanga ali m'dothi." Anaima pamenepo masiku atatu a Mgonero, masiku amene sitolo imagulitsa kuposa mwezi wathunthu.

Amalume a Stoffel sanakangane naye pa khomo. Anakatula nkhani ku bwalo la akulu a mpingo, ndipo Gezina anaitanidwa. Zimene zinanenedwa kumeneko anandiuza yekha.

"Mlongo Vosloo," anatero amalumewo, "munalumbira pa Baibulo kuti mankhwalawa amachiza. Lero mukuuza anthu kuti ndi bodza. Ndiye tiuzeni, munanama liti, tsiku lija kapena lero?"

"Tsiku lija anali bwino. Inunso munamuona, munamugula chishalo."

"Ine sindinalumbire, mlongo. Munalumbira ndinu."

Abusa anali achinyamata, atangofika kumene, ndipo nyumba yawo anaimanga ndi amalume a Stoffel omwewo. Chigamulo chinali chakuti Gezina asayandikire gome la Ambuye kufikira kalata yonena za Izak itasiya kusindikizidwa, chifukwa tchimo limene likuchitikabe silingakhululukidwe. Anazilemba m'buku la mpingo momwemo.

Gezina ankaganiza kuti ndi nkhani ya mwezi umodzi. Anabwerera kwa Teubes, amene analandira shileni yake n'kulembera kampani kalata yabwino kwambiri. Yankho linati pepala lolumbirira ndi katundu wa kampani, ndipo akupepesa za imfayo. Analemba kachiwiri, kachitatu, sanayankhidwenso. Anatumiza mawu ku nyuzipepala ya m'boma lathu, koma tsamba lonse lakumbuyo la nyuzipepalayo linali la Madontho a Dokotala Wexley, ndiye mukudziwa kumene mawuwo anathera. Disembala aliyense ankakhala woyamba kukagula khofi, n'kutsegula kalendala ali pa khomo pomwepo. Izak anali pomwepo ndi nkhosa yake.

Kubadwitsa ana anasiya kumuitana. Ankati manja a munthu wolumbira zabodza sayenera kukhudza khanda. Koma maliro ankamuitanabe, chifukwa panalibe wina wofuna ntchitoyo, ndipo akufa sasankha. Ankapita osadandaula, n'kulandira khofi wake kukhitchini, osati pa tebulo.

Chimene chinkamudya ndi gome lija basi. Zonyoza za pa msika ankazipirira, umphawi ankaupirira. Koma kanayi pa chaka ankavala zakuda, n'kukhala pa benchi yomaliza pafupi ndi chitseko, n'kumaona ife tikupita kutsogolo mzere ndi mzere, ena mwa ife akuba nkhosa odziwika. Sanajombepo. Ndinamufunsa tsiku lina kuti amadzizunziranji, bwanji osangokhala kunyumba. Anati, "Ndikakhala kunyumba aiwala kuti ndikudikira." Zinatero pafupifupi zaka zisanu ndi zinayi.

M'chaka cha 1887 nayenso anayamba kutsokomola. Sanadzinamize. Anandiuza kuti Khirisimasi saifika, ndipo anandionetsa pamene anaika nsalu yake ya maliro. Madontho aja sanawalawe ngakhale limodzi.

Ludlow anabwera mu Ogasiti, atanenepa, ali ndi wotchi ya golide. Anatipeza pa khonde, Gezina atafunda bulangete, ine ndikumusendera lalanje.

"Azakhali, makalata anu onse ndinawaona, ndipo ndinamva chisoni," anatero. "Kalata ija yakalamba, kampani ingathe kuichotsa. Koma tsamba silingakhale lopanda kanthu. Mutipatse ina, ya inu mwini, yoti munadwala chifuwa ndipo madontho akuchizani."

"Kodi ukuona ngati ndachira, iwe?"

"Ine sindine dokotala, azakhali. Ndimangonyamula mapepala."

Gezina anamuthamangitsa. Akanakhala yekha nkhani ikanathera pamenepo, akanafa ndi mlandu umodzi wokha, umene sunali mlandu n'komwe. Koma panali ine. Ndinamukhalira pansi masiku awiri. Ndinati m'buku la mpingo analemba za kalata ya Izak yokha, za ina sanatchule. Ndinati ikachoka imeneyo akulu a mpingo alibe pokanira, ndipo Mgonero wa mu Okutobala uli pafupi. Ndinati Mulungu amaona mumtima. Ndinkamukonda, ndipo ndinkafuna kumuona akuyenda kupita kutsogolo kamodzi kokha asanafe. Ndinkadziona wochenjera kwambiri.

"Let," anandiyankha, poti ankanditchula choncho, "ija yoyamba ndinanena zoona, anandichotsa. Ino ndiname kuti andibwezere?"

"Dziko lake ndi limeneli, mlongo. Saina."

Pomaliza anavomera. Sankatha kuyenda, choncho Teubes anabwera ndi chidindo chake kunyumba. Panafunika mboni, ndinasaina ndine. Polemba dzina lake Gezina anatsokomola, kadontho ka magazi kanagwera pa pepala, ndipo Teubes anakapukuta ndi mpango wake n'kunena kuti palibe kanthu, osindikiza amangofuna mawu. Ludlow, amene anali asanachoke m'tauni, anasiya dazeni ya mabotolo pa tebulo ndi kapepala kolonjeza kuti kalata ya Izak ichotsedwa.

Kapepalako ndinathamanga nako kwa akulu a mpingo. Amalume a Stoffel anakawerenga, anakatembenuza, n'kundibwezera.

"Lonjezo si chochitika, mlongo Aletta. Tidikire kalendala ya mu Disembala, tione ndi maso."

Ndinawachonderera kuti munthuyo sakhalitsa. Anati masiku a munthu ali m'manja mwa Mulungu, osati mwa akulu a mpingo. Pa Mgonero wa mu Okutobala tinamunyamula pa mpando, chifukwa anaumirira, n'kumukhazika pa benchi yake ya pa chitseko. Anamwalira pa 19 Novembala. Masiku ake omaliza sankandilankhula kwambiri, ndipo sindikumuimba mlandu. Ndinamusambitsa ndine, mosadziwa bwino, poti amene ankadziwa anali iyeyo.

Kalendala inafika sabata yachiwiri ya Disembala. Amalume a Stoffel anandipatsa yanga pamodzi ndi khofi, n'kundifunira Khirisimasi yabwino. Kalata ya Izak sanaichotse. Anaika ziwirizo pa tsamba limodzi, ya mwamuna kumanzere, ya mkazi kumanja, ndipo pamwamba analemba kuti BANJA LONSE LACHIRA. Pambali pa chimunthu chandevu chija anajambulapo mayi wonenepa akuseka, atanyamula mtanga wa mazira. Pansi penipeni, m'zilembo zazing'ono, panali dzina langa monga mboni.

Ndinadikira kuti andiitane ku bwalo. Ndinakonzeka, ndinali ndi mawu oti ndikawauze. Koma ine sindinaimepo pa khomo la sitolo ya munthu, ndiye panalibe wondisumira. Mgonero wa mu Januwale utafika ndinanyamuka ndi anzanga a mzere wathu, ndinakhala pa gome, ndinadya mkate, ndinamwa chikho, ndipo palibe anandiletsa.