Njinga ya Anesi Yozimira Panjira

Achimwene anga aakulu anthu amawatchabe a Dalaiva, ngakhale kuti papita zaka chisiyireni chiwongolero. Ngakhale makasitomala atsopano, amene sanawaonepo ali m'basi, akalowa m'shopu yanga yokonzera njinga amafunsa kuti, "A Dalaiva alipo?" Ine ndimangoloza kuseri, kumene kuli benchi yawo pansi pa zenera.

Kale anali munthu wamkamwa. Ankayendetsa basi yaikulu ya m'tauni, ndipo okwera ambiri ankawadziwa nkhope. Munthu akathamangira basi akupuma wefuwefu, iwo ankamudikira, kenako n'kumuuza kuti, "Mawa mubwere ndi bedi lanulo, muzimalizira tulo mommuno." Kunyumba ankaimba posamba, pometa ndevu, pomanga nsapato. Alamu, akazi awo, ankati anakwatiwa ndi wailesi yopanda pozimitsira.

Tsiku lina m'mawa, munthu wina wapanjinga anatulukira kuseri kwa lole yoima n'kulowa kutsogolo kwa basi. Achimwene anaponda mabuleki, koma basi yodzaza anthu siima ngati wilibala. Munthuyo anafera pomwepo. Apolisi anayeza msewu, okwera anaikira umboni, ndipo khoti linati dalaiva analibe mlandu. Kuntchito anawauza kuti apume kaye. Atabwerera, anakhala pampando wawo, analiza injini, anaimvetsera pang'ono, anaizimitsa, anatsika n'kukasiya makiyi ku ofesi. Sanafotokoze kanthu kwa aliyense.

Sanalire, sanayambe mowa, sanakalipire munthu. Akanachita chimodzi mwa zimenezi, bwenzi tikudziwa pogwira. Iwo ankangodzuka, kusamba, kuvala malaya osita bwino, n'kukhala pabalaza mpaka dzuwa kupendeka. Chilichonse chimene wawaikira m'mbale ankamaliza. Tsiku lina alamu anaphika dala osathira mchere, n'kuwafunsa ngati mchere wakwana. Anayankha kuti, "Wakwana."

Alamu anapirira nthawi yaitali, kenako anati akupita kwa mwana wawo wamkazi, amene anakwatiwa kutali, kukathandiza kulera ana. Asananyamuke anadzera kushopu.

"Alamu, atengeni akulu anuwa," anatero. "Akanakhala ondimenya ndikanathawa kalekale. Akanakhala ondikalipira ndikanawayankha. Nanga awa? Ndikungokhala ndi kabati m'nyumba."

Mkazi wanga atamva kuti ndikufuna kuwaika m'shopu, anandiyang'ana ngati ndapenga. "Pa malo onse, mukuwatengera ku njinga?" Inenso ndinali ndi mantha omwewo. Koma achimwene analowa, anadutsa pakati pa njinga zonse zopachika zija osatembenuka n'komwe, anapeza tsache kuseri kwa chitseko n'kuyamba kusesa.

Anayamba ndi kumata machubu. Kenako kulowetsa masipoko, kenako kuwongola malimu. Nthawi yomweyo n'kuti njinga zamagetsi zikuchuluka m'tauni, zamatayala owonda zothamangira pa tala ndi zamatayala onenepako za m'misewu yamiyala. Ine zinkanditopetsa. Njinga wamba ikadwala imakuonetsa pamene pakupweteka: tcheni chaduka, tayala laphwa. Yamagetsi imangokhala duu, yonyezimira bwinobwino, koma osayaka. Ndikaiyesa kangapo mtima unkandikwera, n'kufuna kuuza mwini wake kuti agule batire latsopano basi.

Achimwene alibe mtima wokwera. Amaipachika njingayo pachitsulo chokonzerapo n'kuyamba ndi zing'onozing'ono. Amayang'ana ngati chaja chikuyakadi, chifukwa anthu ena amabwera akulira kuti batire lafa pamene chafa ndi soketi ya kunyumba kwawo. Amachotsa batire, kupukuta timano take tamkuwa ndi kansalu kouma, kulibwezera mpaka limveke kuti lalowa. Amayang'ana kamaginito ka pasipoko ya tayala lakumbuyo, kamene kamauza mota kuti njinga ikuyenda. Kakangotsetsereka pang'ono, mota imasiya kuthandiza ngati yanyanyala. Amafinya mabuleki n'kuwasiya, kuona ngati akubwerera, chifukwa pa njinga zina buleki ikakanirira mota imaganiza kuti wokwera akufuna kuima. Akatero amatsata waya aliyense ndi zala, kuchokera pamahandulo mpaka kumota, kumasula polumikizira paliponse, kuuziramo mpweya, kubwezera. Sadumpha kanthu, ngakhale mwini wake atanena kuti anayang'anapo kale. Vuto likapezeka sakondwa. Likapanda kupezeka sadandaula. Amangoyambiranso.

Chinthu chimodzi chokha sankachita: kukwera. Ankazunguza mapedulo ndi dzanja njinga ili pachitsulo, kumvetsera mota, kenako n'kundiitana.

"Iwe, kaiyese."

Ndinkaitenga, kuzungulira nayo kuseri kwa msika n'kubwerera. Sitinakambiranepo chifukwa chake. Zinangokhala choncho.

Anesi anayamba kubwera chaka chathachi. Ndi mayi wamfupi, wolankhula mofulumira, amene amayendera odwala m'makomo kunja kwa tauni, kuwatsuka mabala ndi kuwabaya jakisoni. Njinga yawo ndi yamagetsi, ya m'misewu yamiyala, ndipo mbali zonse ziwiri za tayala lakumbuyo amapachika zikwama zamankhwala. Vuto lake linali loti inkangozima yokha pakati pa ulendo. Kasikirini ka pahandulo kankathima, mota n'kukhala chete. Nthawi zina ankati akadina batani imayakanso, nthawi zina ayi.

Ulendo woyamba achimwene anapeza timano ta batire tili ndi fumbi ndi kadzimbiri. Anatsuka, ine ndinaiyesa, inayenda ngati yatsopano. Sabata isanathe anesi anabweranso. Ulendo wachiwiri anapeza kamaginito katapendekeka, anakawongola n'kukamanga. Ndinaiyesanso, inalibe vuto.

Ulendo wachitatu anesi analowa akukankha njingayo, nsapato zili mbuu ndi fumbi, yunifolomu yanyowa kumsana.

"Inu, mukudziwa kulemera kwa chinthuchi chikazima?" anatero asanapereke n'komwe moni. "Ndakankha chitunda chonse chija. Kuli agogo ena kumeneko amene sadya kanthu ndisanawabaye jakisoni wa shuga. Ndawapeza akunjenjemera pakhonde, dzuwa lili paliwombo. Ngati yakukanikani ingonenani, ndikayese kwina."

Ndinayamba kupepesa, koma achimwene anali ataipachika kale njingayo. Anadina batani, inayaka. Anazunguza mapedulo, mota inalira bwinobwino.

"Mwaona?" anatero anesi. "Ikafika kuno imachita manyazi. Ngati mwana wodwala usiku wonse, ukafika naye kwa dokotala n'kuyamba kusewera."

"Imazimira pati?" anafunsa achimwene.

"Kumsewu wamiyala, mukangodutsa pamlatho. Pa tala siinazimepo."

Tonse tinadziwa kuti vuto la mtundu umenewu silioneka pachitsulo. Pamafunika munthu aikwere pamalo pomwe imazimirapo, aimve ndi thupi lake. Koma ine sabata imeneyo bondo linali litatupa ngati dzungu, ndinkayenda chotsimphina ndi ndodo. Ndinati anesi aisiye mpaka bondo litaphwa, ndiwabwereke njinga wamba.

"Yopalasa ndekha? Ndi zikwama izi? Mukufuna inenso ndikagone pa bedi la odwala?"

Achimwene anapukuta manja ndi sanza kwa nthawi yaitali, chala chimodzichimodzi. Kenako anatsitsa njinga ija pachitsulo, anapinda thalauza la mwendo wakumanja n'kulilowetsa m'sokosi.

"Mayi, tengani njinga yobiriwirayo, muzinditsogolera."

Ndinaopa kuti ndikatsegula pakamwa abwerera kubenchi. Ndinangowapatsa chipewa changa chokwerera njinga, iwo anachivala osamanga lamba, anesi n'kuwamangira ngati akumangira mwana wasukulu. Anatuluka. Poyamba anagwedezeka pang'ono, tayala lakutsogolo likupita uku ndi uku, kenako anawongoka n'kukhota pa ngodya ya shopu yogulitsa utoto.

Ndinakhala ndekha m'shopu. Kunabwera munthu wofuna kupopa matayala, ndinamupopera. Wina anabwera kudzafunsa mtengo wa chishalo, ndinamuuza. Ndinasesa pamene panali posesa kale.

Zimene zinachitika kumeneko ndinazimva kwa anesi. Akuti asanafike pamlatho, akadali pa tala, basi yaikulu inabwera kumbuyo kwawo n'kuliza hutala pang'ono. Achimwene sanadzidzimuke. Anangopatukira m'mbali, anaima, anatsitsa phazi pansi. Basi inadutsa, inakhota, inazimiririka, iwo ali chiimire. Anesi, amene sankadziwa mbiri yawo, anabwerera kudzafunsa ngati njinga yazima.

"Ayi, ikuyaka," anatero achimwene.

"Nanga bwanji?"

"Akuyendetsa bwino mnyamatayo. Watisiyira malo."

Anaimabe kanthawi, akuyang'ana pamene panalibe kanthu, kenako anakweza phazi n'kupitiriza.

Kumsewu wamiyala njingayo inazimadi. Achimwene anaiyatsa, anabwerera m'mbuyo n'kudutsanso pamalo pomwepo. Inazimanso. Anachita zimenezi mobwerezabwereza mpaka anesi anakhala pansi pa mtengo n'kuyamba kuyankha mafoni a odwala awo. Ulendo wina njinga inazima ali pakati pokhota, iwo anataya mphamvu n'kugwera pamiyala. Anadzuka, anaimika njinga, anayang'ana ngati yapalika, n'kukweranso.

Anabwerera kushopu chakumadzulo, achimwene chigongono chikuchucha magazi, fumbi mpaka m'nsidze.

"Ndi waya wa pakhosi," anandiuza. "Ukakhotera kumanzere pamabampu, imazima. Kumanja ayi."

Anamasula mahandulo n'kusolola waya wochokera kukasikirini, amene amalowa m'kati mwa fulemu pakhosi pa njinga. Panali pamalo pamene waya anakhulika ndi chitsulo mpaka timinga tamkuwa kuonekera, tina titaduka. Njinga ikakhala phee, timingato tinkagundana bwinobwino. Ikagwedezeka mahandulo atakhota, tinkasiyana. Anaika waya watsopano, anamuveka kapaipi kapulasitiki pamene pamakhula, n'kumusiyira mpata woti azitha kutembenuka.

Ine ndinali nditaima pambali pawo, ndodo m'manja.

"Achimwene, nanga inuyo munamva bwanji?"

Anaganiza kaye, ngati ndawafunsa funso la mayeso.

"Chishalo n'chotsika," anatero. "Koma mwini wake ndi wamfupi, chisiye choncho."

Anesi anatsegula chikwama chawo n'kuwakhazika pa kampando. Anatsuka chigongono chija ndi mankhwala oluma aja, amene ine amandilizitsa ngati khanda. Achimwene sanaphethire n'komwe.

"Bambo, sizikuwawa?"

"Ayi."

Anesi anawayang'ana kumaso kanthawi. Kenako anatulutsa choyezera kuthamanga kwa magazi, anawakulunga pamkono n'kupopa. Ataona zimene chikusonyeza, anayezanso mkono winawo.

"Inu mukuyenda ndi bomba m'thupi," anatero. "Mutu sukupweteka? M'makutu simulira?"

"Sindikumva kanthu."

"Ndiye vuto lakelo. Mawa kuchipatala, osati mkuja. Ndipo inu," anatembenukira kwa ine, "muwaperekeze, bondo lanulo akalionenso."

Tinapitadi. Anawapatsa mapiritsi omwa m'mawa uliwonse, ndipo amamwa ndikawakumbutsa. Ndikaiwala ine, nawonso amaiwala. Njinga ya anesi siinazimenso. Masiku ano amabwera chifukwa cha mabuleki akatha kapena tcheni chikatalika, ndipo sachoka asanawayeze achimwene pamkono, afune asafune.

Ndikanakonda kunena kuti kuyambira tsiku limenelo achimwene anasintha. Sanasinthe kwenikweni. Njinga ikakhala ndi vuto losaoneka pachitsulo, amaikwera okha kupita kumsewu wamiyala kuja, amabwera n'kunena chimene apeza, basi. Zina zonse amandiitanabe kuti ndikayese. Ndinawaimbira alamu kuwauza kuti amuna awo akwera njinga. Pafonipo ndinkamva ana akusewera kumbuyo kwawo.

"Anena chiyani?" anafunsa.

"Akuti chishalo n'chotsika."

"Chabwino, alamu. Apatseni moni."

Ndinawapatsa moniwo. Anati zikomo.

Panopa ndi nyengo yamvula, ndipo njinga zambiri zikubwera zitamwa madzi. Anthu amazitsuka ndi paipi yamphamvu kapena kuwoloka nazo zithaphwi, madzi n'kulowa polumikizira mawaya, kenako kasikirini n'kumangophethira. Achimwene amamasula zonse n'kuziyala pabenchi kuti ziume, koma dzuwa kulibe. Dzulo m'mawa mkazi wanga anafika kushopu ali ndi duku kumutu, nkhope ili gwaa, akufunafuna chowumitsira tsitsi chake chimene chinasowa kunyumba. Anachipeza m'manja mwa achimwene, akuuzira nacho mpweya wotentha m'kabowo ka batire.

"Alamu! Chimenecho n'cha tsitsi langa!"

Achimwene anachizimitsa, anachiyang'ana, anayang'ana duku lija.

"Ndatsala ndi njinga ziwiri," anatero, n'kuchiyatsanso.