Maliro a Amuna Anga Anachitikira Mumsewu

Malo amene lero akutchedwa paki ife tinkangoti pabwalo. Ali kuseri kwa nyumba zathu zakale, mbali ya ku Limbe. Kukagwa maliro pamzere wathu anthu ankasonkhana pamenepo, chifukwa pakhomo pathu pamangokwana mphasa ziwiri ndi chingwe choyanikapo zovala.

Kenako kunabwera anthu ogula mapuloti. Ankagwetsa nyumba n'kumanga zina za mipanda italiitali. Akuba analipodi, sindinganame. Ankabisala m'tchire la pabwalopo n'kumalanda mafoni ndi zikwama dzuwa likuswa mtengo, ndipo mayi wina wogulitsa mandasi anamutema pamkono. Ndiye obwerawo anapanga komiti yolimbana ndi umbava. Misonkhano yake inkachitika m'Chingerezi, ife tinkangomva zimene agwirizana.

Amuna anga anakondwera nazo. Loweruka lililonse ankatenga chikwanje kukasosa tchirelo, maenje a mpanda wozungulira bwalolo anakumba nawo. Panabwera waya, geti, loko ndi alonda awiri okhala ndi mawezulo. Kiyi ankasunga mayi wapampando. Kuba kunachepa, izinso n'zoona.

Chaka chotsatira, nyengo ya mvula, amuna anga anamwalira kuchipatala. Alamu anga, achimwene awo ochokera ku Nsanje, anapita kukapempha kiyi kuti timange tenti pabwalo. Anabwerako chimanjamanja. Anauzidwa kuti lamulo la komiti sililola chigulu cha anthu m'paki, chifukwa pamaliro pamabwera nkhope zosadziwika ndipo akuba amalowerera momwemo.

Namfedwa satuluka m'nyumba ya maliro, amakhala pamphasa. Ine ndinatuluka. Amayi a kumpingo anandigwira chitenje, ndinawachotsa manja. Ndinayenda osavala nsapato mpaka pageti la wapampando. Sanatsegule, analankhula nane pakazenera ka pagetipo.

"Pepani kwambiri, mayi," anatero. "Koma tikakutsegulirani inu, aliyense woferedwa adzafuna paki. Kapinga uja tangodzala kumene."

Ndinati amuna anga ndi amene anakumba maenje a mpandawo. Anati akudziwa, komiti ilemba kalata yothokoza.

Choncho tinaika masamba mumsewu, uku ndi uku, monga timachitira kuti odutsa adziwe kuti pali zovuta. Azibambo anakhala motsamira waya wa paki. Mlonda wina ataona abale ochokera ku Mbayani ndi ku Chilobwe atakhala pamenepo, anaimba wezulo. M'mipanda ija munatuluka anthu ndi zibonga. Anthuwo anaimiritsa alamu anga n'kuwauza kuti atulutse zonse za m'matumba. Munatuluka mpango ndi pepala la kuchipatala lotilola kuika maliro. Analiwerenga, n'kuwabwezera, osapepesa.

Tsiku loika, bokosi tinaliika pa mabenchi awiri pakati pa msewu, pafupi ndi ngalande. Ine ndinakhala pansi chakumutu kwake. Ndikadzutsa maso ndinkaona m'pakimo mopanda munthu, kupatula mtsikana wantchito amene ankayendetsa galu.

Abusa ali pakati pa ulaliki, galimoto yaikulu yakuda inaponda masamba aja n'kuima patsogolo pathu. Inaliza hutala. Mkulu wa mpingo anapita kukapempha kuti azungulire njira ina, woyendetsayo anati msewu ndi wa boma ndipo akuchedwa ku ofesi. Amuna asanu ndi mmodzi ananyamula bokosi n'kutsika nalo m'ngalande, madzi akuda akuwafika m'akakolo. Ine anandikokera pambali ngati thumba. Galimoto inadutsa pang'onopang'ono, magalasi otseka. Atabwezera bokosi pa mabenchi, abusa sanapitirize ulaliki, anangoyambitsa nyimbo.

M'mawa mwake, tisanamete n'komwe, mlonda anabwera ndi uthenga wa komiti. Phulusa la moto wa pamaliro ndi masamba aja zichotsedwe m'mbali mwa mpanda, chifukwa Loweruka m'pakimo muli phwando la tsiku lobadwa la mwana wa mmodzi wa iwo, kubwera alendo ambiri.

Alamu anga anadzuka kufuna kumumenya. Ndinawaletsa. Ndinkadziwa kuti iwo akwera basi kubwerera ku Nsanje, ine nditsala pano. Ndinatenga tsache ndi chidebe. Phulusalo linali litanyowa, linakakamira pansi, ndinachita kulipala ndi manja. Mlonda anaima pomwepo mpaka ndinamaliza.